Mpikisano wowerenga mabuku ulandirenso ndemanga za m'Chichewa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za mpikisano wowerenga mabuku umene achinyamata ena anayambitsa kwathu kuno ku Chilomoni. Amakumana Loweruka masana mu holo ya tchalitchi. Mwana amabwereka buku, amakaliwerenga kunyumba, n'kulemba tsamba limodzi la maganizo ake pa bukulo, ndipo wolemba bwino amapata makope, zolembera kapena chikwama cha kusukulu. Ine ndine mphunzitsi wopuma pa ntchito, ndipo anandipempha kuti ndiziwathandiza kuwerenga ndemangazo. Ana athuwa agwira ntchito yotamandika ndipo ndimawanyadira. Chondiwawa ndi lamulo lawo limodzi lakuti ndemanga izikhala ya m'Chingerezi basi.

Mapepala ambiri amene amandifika amakhala ndi mawu ofanana ndendende, chifukwa ana amangokopera zolembedwa pachikuto cha kumbuyo kwa buku, ena amatapa pa foni ya akulu awo. Chingerezi chake chimakhala chosalala, koma ukamufunsa mwanayo kuti nkhani inatha bwanji, amangoyang'ana pansi n'kumakanda m'mutu.

Mwezi watha kunabwera pepala long'ambidwa m'kope la masamu, lolembedwa ndi pensulo, m'Chichewa. Mtsikana wa Sitandade 6 analemba kuti amalume a m'nkhanimo anamupsetsa mtima polanda nyumba ya ana amasiye maliro asanathe n'komwe. Kenako anamutembenukira wolemba bukulo, nati analakwa kuwakhululukira msanga amalumewo, chifukwa kwawo nkhani yotere siitha ndi kupepesa kokha, nyumbayo imayenera kubwerera kwa eni ake. Ndinaliwerenga kawiri pepalalo. Mwana ameneyu bukulo analimvetsa mpaka kukangana nalo, komabe ndemanga yake inaikidwa pambali chifukwa cha chilankhulo.

Okonza mpikisanowu akuti makolo amafuna Chingerezi, popeza wolephera phunziroli sapata satifiketi ya MSCE. Ndikuwamvetsa, inenso ndaphunzitsa Chingerezi chomwecho mpaka kupuma. Koma ngakhale pulogalamu ya boma yolimbikitsa kuwerenga, imene inayamba mu 2016 m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, imaphunzitsa Chichewa ndi Chingerezi limodzi. Mwana amene wazolowera kufotokoza chomwe chamusangalatsa kapena kumunyansa m'nkhani savutika kuchita chimodzimodzi Chingerezi chake chikakhwima.

Tisaiwalenso kuti mabuku a m'chilankhulo chathu anakula ndi mipikisano yomweyi. Mu 1933 a Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anapambana mphoto ndi buku lawo la Nthondo pa mpikisano wolemba m'zilankhulo za mu Africa. Pambuyo pake ndi pamene a Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Akanauzidwa kuti alembe m'Chingerezi basi, kodi bwenzi tili nalo bukuli?

Pempho langa kwa achinyamatawa, ndi kwa ena amene akuganiza zoyambitsa zofananazo ku Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa, n'lakuti mphoto zikhale ziwiri, ya Chichewa ndi ya Chingerezi, zolemera mofanana. Wopambana aziima n'kuyankha mafunso awiri atatu pa bukulo anzake akumva, zokopera zidzatha zokha. Amayi ndi abambo amene amabwera kudzaperekeza ana, ena mwa iwo amawerenga koma kulemba kumawavuta. Apatsidwe mwayi wonena ndemanga yawo pakamwa.

Pa nkhani ya mphoto, makope ndi abwino, koma ndikanakonda kuti wopambana azilandiranso buku lakelake loti alembepo dzina, kapena alipiridwe umembala ku nthambi ya National Library Service mu mzinda wa Blantyre muno. Amalonda a ku Limbe ndi m'tauni amene mukufuna kuthandiza, gulani mabuku a Chichewa, chifukwa m'katoni ya gululi ndi ochepa kwambiri ndipo atsala osang'ambika ndi owerengeka.

Mphunzitsi wopuma,
Chilomoni, Blantyre