Manja a achemwali, ndi anga omwe

Mnzanga,

Kalata yako inafika Lachiwiri pamodzi ndi mafuta odzola aja. Anabwera nazo ndi mwana wa azakhali ako, koma botolo limodzi linali lotsegula kale, ndiye usandifunse kuti analawa ndani. Zikomo kwambiri. Achemwali atangoona envulopu anayamba kuseka, akuti zaka zonsezi uli ku Manchester koma ukulembabe ngati papalasa nkhuku.

Wafunsa kuti ali bwanji. Chotupa chija chachepa, anatero adokotala sabata yatha. Koma nkhani m'nyumba muno ndi manja. Chiyambireni mapiritsi a khansa aja a capecitabine, omwa m'mawa ndi madzulo kwa masabata awiri n'kupuma sabata imodzi, zikhatho zawo zada bii, zikusupuka ngati mbatata yowiritsa. Kumapazi n'chimodzimodzi. Akamapita kubafa amaponda ngati pansi pali makala. Chitenje ndimawamanga ndine, ngakhale kutsegula botolo la madzi sangathe.

Namwino wina wachikulire anandikhazika pabenchi n'kundifotokozera. Akuti mankhwala a khansa sadziwa kusankha. Amasaka maselo amene akuchulukana mofulumira, poti khansa ndimo imachitira. Tsono khungu nalo silipuma, pansi pake pamabadwa maselo atsopano tsiku ndi tsiku, moti pakatha pafupifupi mwezi umakhala utasintha khungu lapamwamba osadziwa. Mizu ya tsitsi, m'kamwa ndi zikhadabo zimagwera m'dzenje lomwelo. Zakale zikuyoyoka, zatsopano zikuchedwa kubwera. M'manja ndi kumapazi zimanyanya chifukwa ndimo mokhuzika kwambiri. Ndiye awaletsa kuchapa, kusinja, madzi otentha ndi kukhala padzuwa. Iwo akuti chibadwire sanaonepo dokotala wolembera munthu ulesi.

Koma tamva izi. Foni ija unawatumizira, yotsegula ndi chala, yawakana. Timizere ta m'zala tafufutika, pangokhala see! Alamu akuti tisachedwe, tiwatume akathyole banki, apolisi adzavutika okha. Anawo tsopano akumaba shuga n'kumati ndi azakhali, umboni palibe. Ine ndimayesa zocheza, koma akuti bambo wina wa ku Singapore amene ankamwa mapiritsi omwewa anamusunga maola anayi pabwalo la ndege ku America chifukwa makina sankaona zala zake. Ndiye paja umati ukachita bwino udzawaitana kwanuko, uyambe wakachenjeza a pageti. Ndikuwaona kale achemwali atakhala pampando, duku lili chilili, akuuza mzungu kuti zala ndi zanga zomwezi bambo, ndinabadwa nazo ku Ntcheu.

Magetsi athimanso. Ndikulemba ndi tochi ya foni, ndipo madzi sanatuluke chiyambire dzulo. Agogo a kuseri kwa tchalitchi aja tinawaika Loweruka, sindinapite chifukwa cha sikelo ya achemwali.

Tsopano zanga. Ukukumbukira kuti asanayambe mapiritsi ankalandira dilipi, mankhwala ofiira aja a doxorubicin, ngati Sobo wosasungunula, mpaka mkodzo unkafiira. Anamwino powaika ankavala magolovesi awiriawiri ndi chovala chofika m'mikono, ndipo sankachoka pafupi. Akuti akangothawa mumtsempha n'kulowa mumnofu amadya nyama. Ndinaona ndi maso anga mayi wa bedi loyandikana nafe, kuseri kwa dzanja kunali bala lakuda lokumbika, miyezi iwiri osapola. Ine ndinkangoti anamwinowa akunyada, kuvala ngati akukapopera thonje. Osadziwa kuti mankhwalawa amalowa pakhungu la munthu wowagwira, komanso amatuluka mumkodzo, m'masanzi ndi m'thukuta la wodwala kwa masiku awiri kapena kuposa. Maulendo awiri oyamba, zofunda zonse zosanzira ndinachapa ndi manja anga ali bulanzi, pamodzi ndi mayunifolomu a ana m'beseni limodzi. Mwina anandiuza, mutu unali kwina, sindikudziwa.

Choipitsitsa ndi ichi. Mwezi watha m'kamwa mwawo munatuluka zilonda, kumeza kunavuta, ndiye ndinkawaphwanyira mapiritsi aja pa sosala ndi supuni, ufa wake n'kumaukolola ndi chala. Wa kufamase atamva anagwira kumutu. Akuti saphwanya, satafuna, ndipo ukawagwira usambe m'manja nthawi yomweyo. Panopa chala changa chamkombaphala chang'aluka pafupi ndi chikhadabo. Ndikudziwa, ukuseka, ukuti ndi sopo wotchipa ndi kuzizira kwa June. Bambo a kuno anateronso. Koma usiku ndimachiunika ndi tochi, kuona ngati timizere tanga tidakalipo. Dzulo foni yanga inakana kutseguka kamodzi, mtima unachita thi, kenako ndinaona kuti m'manja munali ufa.

Magolovesi aja mumataya kuntchito kwanu mukangovala kamodzi, ngati kuli njira yabwino yowagulira, undigulireko bokosi. Kuno akwera mtengo ndipo amang'ambika ukangofinya bulangeti.

Namwino uja ananenanso kuti mnzawo akakhala woyembekezera amamuchotsa pa ntchito yosakaniza mankhwalawa. Ananena mongodutsa, akupinda mapepala ake. Ine sindinayankhe kanthu. Sindinauze munthu, ngakhale bambo a kuno, koma mwezi watha sindinaone, unonso sindinaone, ndipo ndikawerengera masiku amene ndinkaphwanya mapiritsi aja

Achemwali akuitana, batire nalo latsala pang'ono. Ndilembanso.