Musiyeni mwanayo akaphunzire za RNA

Luchenza, Thyolo

Achemwali,

Uthenga wanu ndaulandira. Kuno tili bwino, kungoti chiperoni chatigwira, phiri la Mulanje silikuoneka n'komwe.

Mwati mtsikana wanu wakana za unesi, akufuna molecular biology, maphunziro a tizinthu ta mkati mwa selo monga DNA ndi RNA, pa yunivesite ya konko ku Johannesburg, ndipo inu ndi bambo ake tulo simukutiona poopa kuti adzakalamba akusuzumira m'timabotolo popanda chogwirika. Poti mwandifunsa monga mphunzitsi wa Biology, ndinena mosapsatira: musiyeni apite. Chondilimbitsa mtima ndi nkhani ya wasayansi wina, Adrian Krainer, koma ndiyambire patali pang'ono.

Uthenga wa mu DNA, malangizo a thupi amene timatengera kwa makolo, supanga puloteni mwachindunji, selo limayamba laukopera kaye pa RNA. Mu 1977 magulu awiri ku America, la Phillip Sharp ku yunivesite ya MIT ndi la Richard Roberts ku malo a kafukufuku a Cold Spring Harbor, ankafufuza adenovirus, kachilombo kodwalitsa chimfine. Anapeza kuti RNA ikangokopedwa imakhala ndi zidutswa zofunika, ma exon, zosakanikirana ndi zina zoti zichoke, ma intron. Selo limadula ma intron n'kulumikiza zotsalazo. Ndiko kumene amati splicing. Ana a sukulu ndimawauza kuti aganizire telala wa pakhonde pamsika: chitenje n'chimodzi, koma kadulidwe ndi kasokedwe ndiko kamanena ngati patuluke diresi kapena malaya. N'chifukwa chake ma gene athu (zigawo za DNA) pafupifupi 20,000 amatulutsa mitundu ya mapuloteni yochuluka kuposa pamenepo. Sharp ndi Roberts analandira mphoto ya Nobel mu 1993. Chimandiwawa n'chakuti Louise Chow, mayi amene anajambula zithunzi za umboniwo ku Cold Spring Harbor, anamusiya kunja. Mumutchulirenso mwanayo dzina la Joan Steitz wa ku yunivesite ya Yale, amene mu 1979 anagwiritsa ntchito magazi a odwala lupus, nthenda imene chitetezo cha thupi chimaukira thupi lomwelo, n'kupeza tizigawo tothandiza kudulako.

Krainer anabadwira ku Montevideo, ku Uruguay, ndipo watha zaka zambiri ku Cold Spring Harbor akufufuza mmene selo limasankhira poti lidule. Pali nthenda ya ana yotchedwa SMA. Khanda limabadwa looneka bwinobwino, koma miyezi ikamapita khosi silikhwima, miyendo ili lendelende, kuyamwa kumavuta, kenako kupuma. Ambiri ogwidwa ndi mtundu woopsa wa nthendayi sankafika zaka ziwiri. Gwero lake ndi gene ya SMN1 imene imakhala yosowa kapena yowonongeka. Mwayi wake, thupi lili ndi inzake, SMN2, koma imasiyana pa chilembo chimodzi cha DNA chimene chimachititsa selo kudumpha exon 7 nthawi zambiri, puloteni n'kutuluka yoperewera. Krainer ndi Frank Bennett wa kampani ya Ionis anakonza kachidutswa kakafupi konga RNA kamene kamakamatirira pa RNA n'kuphimba malo amene amasocheretsa selo, exon 7 n'kulowa m'malo mwake. Mankhwalawo, nusinersen kapena Spinraza, anavomerezedwa ku America mu Disembala 2016. Amabaya pamsana, ndipo akamaliza majakisoni oyambirira amabwereza miyezi inayi iliyonse. Ana amene akanamwalira ali makanda anayamba kukhala okha, ena mpaka kuyenda. Kuchokera pa kachilombo ka chimfine kaja kudzafika apa panadutsa zaka 39, ndipo mu 1977 palibe ankalota za ana amenewa.

Pamtengo pokha ndi pamene ndimakwiya. Atangotuluka, chaka choyamba chinali madola 750,000 pa mwana mmodzi. Kwathu kuno khanda lotere likhoza kutisiya osadziwika chimene lafera, achibale n'kuyamba kulozana zala kuti wina walodza.

Musaganize kuti izi n'za azungu okha. HIV imene yatimalizira abale imadalira splicing yomweyi: RNA yake imodzi imadulidwa mosiyanasiyana kuti ipeze mapuloteni ake. Tizilombo ta kaodzera, amene amavutitsa ku Nkhotakota ndi ku Rumphi, timalumikiza zidutswa zochokera pa RNA ziwiri zosiyana. Nanga nthenda zathuzi tizingodikira kuti atifufuzire ena?

Ntchito ziliko, ngakhale sizochuluka: Malawi-Liverpool-Wellcome ndi KUHeS ku Blantyre, MUST pa Ndata pompano, ngakhale kafukufuku wa tiyi ku Mimosa. Sindikunamizani, ndalama sizibwera msanga ngati za unesi wa kunja, ndipo digiri yoyamba yokha siikwanira, adzafunika masters mwinanso PhD. Bambo ake akonzekere zimenezo.

Muuzeni alimbikire Chemistry ndi masamu, komanso aphunzire kulemba mapulogalamu a pakompyuta, poti masiku ano ntchito yambiri ya RNA imathera pamenepo. Andiimbire pa WhatsApp Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, ndicheze naye ndekha. Mupereke moni kwa alamu.

Ndine mnzanu,
wa ku Luchenza