Dandaulo pa zimene mmisiri wanu anachita pa Steam Deck yanga popanda kundifunsa

Kwa a Manijala,

Bambo, ndaganiza zolemba kalata chifukwa pafoni sitikumvana. Ndaimba katatu, ndipo ulendo uliwonse akundiyankha ndi munthu wina amene akufuna kuti ndiyambirenso nkhani pachiyambi. Ndiye ndati ndiiike papepala, muiwerenge mofatsa, kuti pomufunsa mmisiri wanu mukhale mukudziwa chimene chinachitika.

Kumapeto kwa Seputembala ndinabwera kushopu kwanu ku Blantyre ndi Steam Deck yanga, kakompyuta ka m'manja kosewerera magemu, ija ya sikirini ya LCD, ya 64 GB. Anandigulira ndi achimwene anga amene amagwira ntchito ku Leeds, ndipo ndakhala nayo zaka ziwiri popanda chodandaula. Vuto linali limodzi, kuchepa kwa malo, poti magemu ena a masiku ano imodzi yokha imadzaza 64 GB yonseyo. Ndinapempha chinthu chimodzi, ndipo n'chimene chinalembedwa pa lisiti lanu: kuchotsa kosungira zinthu kakang'ono kaja, kuikamo SSD ya 512 GB ya saizi ya 2230, kenako kuikanso SteamOS, pulogalamu yoyendetsa makinawo. Ntchito imeneyo inagwiridwa bwino ndipo sindikuidandaula. Masikuluu onse anabwerera m'malo mwake, chikhokho chakumbuyo sichinasweke.

Pondipatsa, mnyamata wanu ananena akumwetulira kuti, "Bigi, takuikiranimo kabonasi, mukaona mmene izithamangira." Ine ndinayesa akunena za SSD yatsopanoyo, poti imatsegula magemu msanga kuposa yakale ija. Ndinathokoza, ndinalipira, n'kukwera minibasi kutsikira kwathu ku Nchalo.

Usiku womwewo ndinamva kuti china chake chasintha. Fani, imene kale inkangolira pakakhala pothina m'gemu, inayamba kufuula ndisanafike n'pomwe posewera, ngati chigayo chimene angochilizitsa kumene. Mpweya wotuluka pamwamba paja unkawotcha chala. Patapita mphindi makumi awiri chithunzi chinauma, mawu anangotsala akubwereza kachigawo kamodzi, kenako sikirini n'kuda bii. Ndinayatsanso, zinachitikanso. Tsiku lachitatu inazima pomwe gemu inkasunga pamene ndinafika, ndipo fayiloyo inawonongeka. Ndinali nditasewera gemu imeneyo miyezi inayi, madzulo aliwonse ndikaweruka kuntchito, ndipo popeza kwathu intaneti ndimayatsa mwa apo ndi apo, imene inasungidwa pa Steam Cloud, malo a pa intaneti osungirako pamene wafika m'gemu, inali ya milungu ingapo m'mbuyo. Mwina kwa inu n'kanthu kakang'ono, koma ine zinandipweteka mumtima.

Chimene chinanditsegula m'maso ndi manambala aja amaoneka pakona ya sikirini ukadina batani la madontho atatu n'kuyatsa zoonetsa mmene makina akugwirira ntchito. Ndimawadziwa bwino chifukwa ndakhala ndikuwayang'ana zaka ziwiri. Steam Deck imeneyi ili ndi chipu ya AMD imene imaphatikiza purosesa ndi mbali ya zithunzi pamalo amodzi. Purosesayo ndi ya Zen 2, ya ma core anayi, ndipo a Valve, kampani yopanga Steam Deck, anaiika kuti izithamanga pakati pa 2.4 ndi 3.5 GHz. Mbali ya zithunzi, ya RDNA 2, imalekezera pa 1.6 GHz. Chipu yonseyo inapatsidwa malire a mphamvu ya magetsi, kuyambira ma watt 4 mpaka 15. Koma pa sikirini yanga purosesa inkayandikira 4 GHz, mbali ya zithunzi inkadutsa 1.6 ija n'kumapitirira, ndipo kutentha kunkasewera pa madigiri 98, 99, 100. Nditaizimitsa n'kuiyatsa nditagwira batani lokweza mawu kuti ndilowe mu BIOS, mmene mumakhala zoikamo zazikulu za makinawo, ndinapeza zinthu zasinthidwa, malire a mphamvu atakwezedwa kudutsa ma watt 20. Apo ndi pomwe ndinadziwa kuti kabonasi kaja kanali overclock, kutanthauza kukakamiza chipu kuthamanga kuposa mmene opanga anaiikira.

Sindikunena kuti overclock ndi tchimo. Alipo anthu ambiri amene amachita pa makina awoawo, akudziwa chimene akugula ndi chimene akutaya, ndipo amakweza pang'onopang'ono uku akuyesa kwa maola ambiri. Pa kompyuta ya padesiki, imene ili ndi mafani akuluakulu ndipo imakoka moto kukhoma, n'zomveka. Koma kakompyuta ka m'manja kali ndi fani imodzi yaing'ono ndi kapaipi kamodzi kotulutsa kutentha, ndipo zonsezo anaziyeza molingana ndi ma watt 15 aja. Ukafuna kuti purosesa ithamange kudutsa pamene anaiikira, nthawi zambiri imafunanso kuti voteji ikwere, ndipo moto umene imadya sukwera mofanana ndi liwiro, umakwera kwambiri kuposa liwirolo. Ndiye umapeza zithunzi zitatu kapena zinayi zowonjezera pa sekondi, koma kutentha n'kuwonjezereka kwambiri. Ndipo a Valve ananena okha poyera mu Julayi 2022 kuti chipu imeneyi ikafika madigiri 100 imayamba kudzichepetsa liwiro kuti idziteteze, ikafika 105 imazimitsa makina onse. Ndi mmene yanga ikuchitira: imathamanga mphindi zochepa, imatentha, imabwerera m'mbuyo mpaka gemu kumadodoma kuposa kale. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, ndipo pano ndikukuona ndi maso.

Nanga batire? Batire la mtundu umenewu ndi la 40 Wh. Kale, pa gemu yolemera, makina onse pamodzi ndi sikirini ankakoka ma watt pafupifupi 25, ndiye ndinkasewera ola limodzi ndi theka. Pano akukoka opitirira 30, ndipo batire loti latumikira zaka ziwiri likutha ola likangokwana. Inu mukudziwa mmene timakhalira kuno. Magetsi akathima madzulo, kakompyuta kameneka ndi kamene kamandisungitsa nthawi, ndipo chifukwa chenicheni chimene ndimakakondera n'choti sikadalira soketi. Mwandichotsera theka la ola limenelo n'kundipatsa liwiro limene sindinapemphe, pa sikirini yoti imalekezera pa 60 Hz, pomwe ine magemu ambiri ndimawatsekera pa zithunzi 30 kapena 40 pa sekondi dala kuti batire likhalitse.

Nditaimba ulendo woyamba, mmisiri wanu anavomera kuti anachitadi, ndipo anati amachitira makasitomala onse "kuti azisangalala". Nditamuuza za kuzimako, anati vuto ndi kutentha kwa ku Chikwawa. Pamenepa ndi pamene pandikwiyitsa kwambiri, Bambo, ndipo ndikufuna mundimvetse. Inde, kuno kumatentha, mwezi wa Okutobala timadutsa madigiri 40. A Valve amanena kuti makinawa amagwira bwino pamalo pamene kutentha kuli pakati pa madigiri 0 ndi 35, ndipo n'chifukwa chake masana a chilimwe sindisewera, ndimadikira usiku. Ndadutsa nayo zilimwe ziwiri kuno komweko ndipo sinazimepo ndi kamodzi komwe. Chikwawa sinasinthe mu Seputembala, chimene chinasintha ndi BIOS. Komanso pa fomu yanu ndinalemba kumene ndimakhala. Munthu wodziwa ntchito akaona kuti makina akupita kuchigwa cha Shire, ayenera kudziwa kuti kampata kamene opanga anasiya pakati pa kutentha kwa masiku onse ndi madigiri 100 aja ndi kamene kamawapulumutsa. Iye anakadya kampata konseko. Ngati ankafunadi kundithandiza, akanandiuza za kutsitsa voteji pang'ono, zimene a Valve anaziika okha mu BIOS kuyambira pa SteamOS 3.5, chifukwa zimenezo zimachepetsa kutentha. Ndipo ngakhale zimenezo akanayamba wandifunsa.

Mlungu wathawu mphwanga wa zaka khumi anabwera kudzacheza, ndipo monga mwa masiku onse anapempha kuti asewere gemu ya mpira. Anakhala pamkeka, makina ataika pamiyendo. Sipanapite nthawi anawanyamula m'mwamba n'kunena kuti, "Amalume, ikuwotcha." Nditagwira kumbuyo, chapakati paja, ndinamulanda nthawi yomweyo. Kuyambira tsiku limenelo sindikumubwereka, ndipo ineyo ndikamatchaja ndimaika pasimenti, kutali ndi matiresi. M'kati muja muli batire la lithium, ndipo kutentha ndi kumene kumalikalambitsa msanga, nthawi zina mpaka kufufuma. Pafupi pomwepo palinso kachipu koyang'anira kutchaja, kamene kamatentha kale ngakhale makina asanasinthidwe.

Mwina mufunsa kuti bwanji sindinangobwezeretsa ndekha. Ndinayesa kutsitsa mphamvu pa kachingwe ka TDP, koikira malire a ma watt, kamene kali mu SteamOS, ndipo kutentha kunatsikako, koma kuuma kwa chithunzi sikunathe. Izi zikundipatsa maganizo oti anakhudzanso memori. Ya mtundu uwu ndi LPDDR5 ya 16 GB yothamanga pa 5500 MT/s, ndipo ambiri ochita overclock amaikankhira pa 6400, liwiro limene a Valve anaika pa mtundu wa OLED umene unatuluka mu Novembala 2023. Si memori iliyonse ya mtundu wakalewu imene imapirira pamenepo. Ndipo ukalakwitsa pa zoikamo za memori, makina akhoza kukana kuyaka ngakhale kuti ulowe mu BIOS, mpaka wina atsegule n'kulemba chipu ya BIOS ndi kachipangizo kapadera. Ine sindikufuna kuyeserera pa chinthu chimene sindingathe kugulanso, poti kuno kulibe wogulitsa wa a Valve amene ndingathamangireko. Safunsa anadya phula, koma pano amene sanafunse ndi mmisiri wanu, phula akudya ndi mwini katundu.

Chimene ndikupempha ndi ichi. Ndibwera ku Blantyre Loweruka la mlungu wamawa, ndipo ndikufuna BIOS ibwezeretsedwe mmene inachokera kwa opanga, ine ndili pomwepo ndikuona. Mumufunse mmisiri wanu ngati anasunga kope la BIOS yanga yoyambirira asanaisinthe, komanso ngati anatseka njira imene SteamOS imadzikonzera BIOS yokha, chifukwa ochita zimenezi amakonda kuitseka kuti zosintha zawo zisafufutike. Ngati anatseka, atsegule. Tikatero tiyatse gemu yolemera kwa ola lathunthu mushopu mwanumo, tione limodzi kuti mphamvu ya chipu sikudutsa ma watt 15 ndipo makina sakuzima. Ndikufunanso kuti mundilembere papepala la kampani yanu zonse zimene zinasinthidwa, ndi lonjezo loti ngati batire lifufuma kapena bodi ifa m'miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi, mukonza ndi ndalama zanu. Ndalama ya minibasi, kupita ndi kubwera, mundibwezere, chifukwa ulendo umenewu sindinaufune ndine.

Ndipo chonde yang'anani m'buku lanu makasitomala ena onse amene analandira kabonasi kameneka, muwaimbire. Mmisiri wanu wanena yekha kuti sindine ndekha, ndipo pali ena amene pano akuganiza kuti makina awo angokalamba.

Ndikuyembekeza yankho lanu lolemba pasanathe masiku asanu ndi awiri. Likapanda kubwera, nkhaniyi ndikaitula ku Competition and Fair Trading Commission, pamodzi ndi lisiti ndi zithunzi za sikirini zimene ndajambula. Kope la lisitilo ndi zithunzi zinayi ndaziphatikiza ku kalata ino, ndipo nambala yanga ya foni ndi yomwe ili pa fomu imene ndinadzaza tsiku lija.

Ine kasitomala wanu,
wa ku Nchalo, Chikwawa