Zikomo chifukwa cha nyale ya thanki yanga ya mbuna

Kwa abwana oyang'anira sitolo,

Loweruka lapitali ndinalowa m'sitolo yanu nditakonzekeratu mkangano. M'thumba ndinali ndi choke yakale ndi starter (tizipangizo toyatsira nyale ya chubu ya pa thanki yanga ya nsomba), m'manja chubu chakale chakuda kunsonga ndi china chatsopano, ndipo mumtima ndinali nditayeseza kale mawu oti ndiyankhe ndikauzidwa kuti "bwerani mawa". Ndalemba kalatayi chifukwa mawu amenewo sindinawagwiritse ntchito.

Kunyumba ndili ndi thanki ya galasi ya masentimita 120 momwe ndimaweta mbuna, nsomba zija za m'miyala ya m'nyanja yathu. Nyale yake inali chubu cha T8 cha mawati 36. Kwa milungu itatu inkaphethira ndi kulira ngati njuchi, nsomba n'kumangobisala m'miyala. Madzulo ana ankakhala patsogolo pa galasi osaona kanthu.

Musanandiyese wokokomeza, imvani kumene ndinadutsa. Sitolo yoyamba anandigulitsa chubu chatsopano osafunsa funso ngakhale limodzi. Nditachiika, kuphethira kunali komweko. Yachiwiri anandipatsa chubu cha T5 n'kunena kuti machubu onse ndi amodzi. Kunyumba ndinapeza kuti n'chowonda, n'chachifupiko, ndipo timano take sitilowa m'mabowo a nyale yanga. Nditabwerera, bambo wa pa kauntala anangondilozera chikwangwani choti katundu akatuluka sabwezedwa, maso ali pa foni. Kwachitatu ankafuna kundigulitsa getsi lalikulu lounikira pabwalo, ati nsomba zidzaoneka bwino. Sinditchula mayina awo, koma ali mumsewu womwewo ndi inu ndipo akudzidziwa.

Tsono kwanu ndinapeza achemwali ena kumbali ya zamagetsi. Dzina sindinafunse, koma ndi amene amakhala pafupi ndi shelefu ya mawaya. Choyamba anandikokera mpando. Chachiwiri anafunsa kuti m'thankimo muli nsomba zanji. Pa masitolo onse aja palibe amene anaganizako za nsombazo. Nditati mbuna, nkhope yawo inawala, nati anakulira kunyanja ndipo amazidziwa momwe zimapalira ndere pamiyala.

Anatenga zinthu zanga zija n'kupita nazo kumbuyo. Zimene anachita kumeneko sindikuzidziwa bwino, ndinangoona akulumikiza mawaya patebulo. Pobwera anandiuza kuti chubu chimene ndinagula koyamba chija n'chabwinobwino, ndisaguleso china. Vuto linali choke yotopa ndi dzimbiri la chinyezi pa zogwirira chubu. Wogulitsa kukuuza kuti usagule! Ndinakhala kaye chete.

Kenaka anandifotokozera mwa Chichewa chomveka. Choke yachikale, yolemera ija, imafuna starter, imatentha, ndipo pa magetsi athu a 50 Hz kuwala kwake kumanjenjemera ka 100 pa sekondi. Ballast ya electronic, yomwe imalowa m'malo mwa choke, imayendetsa chubu mothamanga kwambiri moti diso siliona kuphethira, silira, ndipo starter safunikanso. Chofunika n'choti mawati olembedwa pa ballast agwirizane ndi chubu: ya 36 ya T8 ipite ku chubu cha 36 cha T8. Ine maso anali pa nyale ya machubu awiri a T5 a mawati 54, yodula kuposa zonse pa shelefu. Iwo anandiletsa. Anati kuwala kotero n'kwa thanki yodzaza zomera, pomwe yanga muli miyala ndi mchenga basi, ndiye madzi angasanduke obiriwira. Chubu chimodzi cha 6500K, chowala moyera ngati masana, choyaka maola 8 patsiku, chikwanira kumeretsa ndere pang'ono yoti mbuna zizipala. Anandionetsanso nyale za LED, osabisa kuti zimadya magetsi ochepa ndipo zimakhalitsa, koma anati ndidzabwere chubu changa chikadzatha.

Koma chimene chandilembetsa kalata si ma volt kapena mawati ayi. Nditalipira ballast ija, anafunsa kuti ndipita bwanji kunyumba. Nditati pa minibasi, anandiuza ndidikire. Anatenga katoni yakale, n'kuidula ndi mpeni wawo, n'kukulunga chubu chija kuyambira nsonga mpaka nsonga, n'kumanga ndi tepi katatu. Anachita zimenezi pa chubu chimene ndinagula kwina, chimene sitolo yanu sinapezepo ngakhale tambala. Kuseri kwa lisiti anajambula kachithunzi ka wamagetsi wanga: ballast ikhale kunja kwa chivundikiro, kutali ndi nthunzi ya madzi, zotsekera za labala zivale kunsonga zonse ziwiri, ndipo chingwe chiyambe chatsika pansi chisanakwere ku soketi kuti dontho likatsetsereka ligwe pansi. Chubu chakuda chija anati ndisachiswe kapena kupatsa ana, muli mercury. Pomaliza anandigwirira chitseko, chubu chili m'manja mwawo mpaka nditatuluka. Kumbuyo kwanga kunali anthu ena pamzere, koma sanandithamangitse, ndipo anthuwo anawapepesa mwaulemu.

Wamagetsi anagwira ntchitoyo Lamlungu masana potsatira kachithunzi kaja. Nyale inayaka kamodzi, phee, popanda phokoso. Posakhalitsa nsomba zachikasu zinayamba kutuluka m'mapanga, zabuluu za mizere zikutsatira, ndipo mwana wanga wamng'ono anakhala pamkeka kuziwerenga mpaka nthawi ya nsima.

Abwana, chonde awerengereni achemwaliwo kalatayi anzawo onse ali pomwepo, ndipo mukamaganizira zokweza anthu pantchito musawaiwale. Anzanga awiri oweta nsomba ndawauza kale kumene ayenera kupita, ndi kumene sayenera kupondako. Lisiti ija ndaimata mkati mwa kabati ya pansi pa thanki.

Ine kasitomala wanu wothokoza,
Woweta mbuna wa ku Chilomoni