Galu wosabayitsa katemera sangatitalikitsire moyo

Akonzi,

Ndiloleni ndithirepo ndemanga pa nkhani yomwe ikumveka yoti kuweta galu kumatalikitsa moyo. Mu 2017, akatswiri a pa yunivesite ya Uppsala ku Sweden anatulutsa kafukufuku wa anthu oposa 3.4 miliyoni. Anapeza kuti mwa anthu okhala okha pakhomo, amene anali ndi galu chiopsezo chawo cha imfa chinali chotsika ndi 33 peresenti. Akuti mwina n'chifukwa galu amayendetsa mbuye wake tsiku ndi tsiku, komanso amamuchotsa kusungulumwa.

Sindikutsutsa ayi. Koma kuno ku chigwa cha Shire palibe wodikira galu kuti ayende. Mayi wa ku Ngabu amakhala atabwerako kale kumjigo ndi kudimba dzuwa lisanayambe kuswa mtengo. Galu wathu ndi mlonda. Amauwa fisi kapena wakuba akayandikira khola la mbuzi, amadya mkute wa nsima ndi minga ya nsomba, n'kukagona pansi pa nkhokwe. Koma ndi angati mwa agalu amenewa anabayidwapo katemera chibadwire?

Agalu a ku Sweden alibe chiwewe, ife tili nacho. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse, ndipo pafupifupi onse amawatenga kwa galu. Mwa anthu 10 aliwonse omwalira, anayi ndi ana osakwana zaka 15. Munthu akangoyamba kuopa madzi ndi kutuluka dovu, ngakhale adokotala sangamupulumutse. Zimandiwawa kuona mwana atalumidwa, akulu n'kungopaka mankhwala achikuda pabala, amvekere chipola. Bala la galu litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mwanayo afike kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala lichepe bwanji.

Njira yothetsera chiwewe ndi yodziwika: kubaya agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera. A bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies akhala akuchita zimenezi ku Blantyre kuyambira mu 2015. Ndikupempha alangizi a ziweto a Chikwawa ndi Nsanje kuti katemera asamathere pa boma ndi m'mbali mwa msewu wa M1. Afike kwa Chapananga, awolokenso Shire mpaka ku Makhanga mvula isanadule njira. Mafumu athu, lengezani tsiku la katemera monga mumalengezera msonkhano wa chitukuko, ndipo wobisa galu wake aitanidwe kubwalo.

Ine wowerenga wanu,
Ngabu, Chikwawa