Chilengezo cha Imfa ya Msungichuma Wathu Wakale

Okondedwa mamembala onse,

Komiti ikudziwitsa ndi chisoni kuti mkulu wathu amene anali msungichuma wa gulu lino kwa zaka zambiri watisiya, atakhala ndi moyo wautali mpaka kuona zidzukulutudzi.

Malemuwa anali akauntanti amene anaphunzira ntchito makompyuta asanafike m'maofesi, pamene zonse zinkalembedwa pamanja m'mabuku akuluakulu. Ankatsatira mosaphonya njira yolemba ndalama iliyonse kawiri, mbali yolandira ndi mbali yopereka, njira imene katswiri wa masamu wa ku Italy, Luca Pacioli, anaifotokoza m'buku losindikizidwa mumzinda wa Venice mu 1494. Amene tinagwira nawo ntchito tikukumbukira kuti mbali ziwirizo zikasiyana, ngakhale ndi kandalama kochepa, iwo ankavula magalasi, kuwapukuta, n'kuyambiranso kuyerekeza malisiti ndi sitetimenti ya kubanki mpaka cholakwikacho chitapezeka. Ena tinkadandaula kuti akutichedwetsa, komatu ofufuza mabuku akabwera kumapeto kwa chaka sankapeza chotifunsa.

Ngakhale pa nthawi yotseka mabuku, pamene ntchito imachuluka, iwo ankayesetsa kufika pakhomo ana asanagone kuti aone makope awo a masamu, ndipo mayi a kunyumba atadwala anawasamalira okha mosatopa.

Tidzakhala ndi msonkhano wowakumbukira, ndipo mlembi adzalengeza tsiku ndi malo tikagwirizana ndi akubanja. Amene muli ndi zithunzi kapena mawu oti awerengedwe pa tsikulo, chonde muzipereke kwa mlembi.

Komiti