Chilengezo: Mabati Oletsedwa pa Masewero Athu a Softball

Abale ndi alongo a m'timu yathu,

Kuyambira masewero a Loweruka likudzali, oyimbira aziyang'ana bati (ndodo yomenyera mpira) iliyonse tisanalowe m'bwalo. Ligi yathu imatsata malamulo a USA Softball, bungwe loyendetsa masewero a softball ku America, lomwe mpaka 2016 linkatchedwa ASA (Amateur Softball Association). Bati izikhala ndi chidindo cha bungweli, komanso isakhale pa mndandanda wa mabati oletsedwa. Chidindo pachokha sichikwanira, chifukwa mabati ena adachotsedwa atavomerezedwa kale.

Chomwe chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi mabati opalidwa m'kati kapena opsinjidwa pa makina kuti mpira uziuluka patali. Woponya mpira amaima mamita 15 okha kuchokera pa womenya. Mpira wothamanga chotero sapeza mpata wouzinda, ndipo ungamuphwanye nkhope. Womenya ndi bati yotere amatulutsidwa m'masewero.

Nsapato za misomali yachitsulo nazonso ayi.

Chonde tisakangane ndi oyimbira akakana bati yathu. Munthu akavulala, woyamba kufunsidwa ndi iwowo, mwinanso mpaka kukhoti, pomwe ambiri mwa iwo amangodzipereka. Amene mukukayika za bati yanu, bwerani nayo ku maphunziro Lachinayi tidzaione limodzi.

Zikomo,
Komiti ya timu